Ndalama zachitsulo zooneka pawiri ndi zosupuka khungu: mafunso ndi mayankho

Kuno kuchigwa cha Shire ndalama zachitsulo zinasiya kugula kanthu. K10 yachitsulo singagule ngakhale bokosi la machesi, ndiye zambiri zangotsalira m'zitini, m'madirowa a m'magolosale ndi m'fumbi la pamsika. Koma chiyambireni mavidiyo a pa TikTok ndi Facebook oonetsa makobidi a ku America akugulitsidwa madola ambirimbiri chifukwa cha zilembo zooneka pawiri, anthu a ku Dyeratu, Nchalo, Ngabu, Bangula mpaka ku Nsanje ayamba kuzikhuthula n'kumaziyang'anitsitsa. Mafunso ali pansipa ndi amene amabwerabwera. Mayankho akutsogolo akutsamira pa oyambirira, choncho ulendo woyamba werengani motsatana.

Kodi ndalama "yolakwika" ndi yotani?

Ndi imene inalakwika isanatuluke m'fakitale yosula ndalama. Chilema chimabwera pa nthawi zitatu: pokonza chidindo kapena chitsulo chosadinda, pa nthawi yodinda yeniyeniyo, kapena ndalama itafika kale m'manja mwa anthu. Zilema za nthawi ziwiri zoyambazo ndi zimene osonkhanitsa ndalama amazitcha zolakwika, ndipo zina mwa izo amazigula. Za nthawi yachitatu ndi kuwonongeka chabe, kaya wachititsa ndi dzimbiri, moto, tayala la ngolo kapena mwana wosewera ndi msomali.

Mukapeza ndalama yachilendo, musanafunse mtengo, funsani kuti chilemacho chinabwera liti. Mayankho onse otsatirawa ndi njira zoyankhira funso limeneli.

Ndalama yachitsulo imapangidwa bwanji?

Dziko lathu lilibe fakitale yosula ndalama. Reserve Bank ya Malawi imaitanitsa kunja, ndipo kapangidwe kake ndi kofanana pafupifupi kulikonse.

Chithunzi ndi zilembo zimasemedwa pa chitsulo cholimba kwambiri chotchedwa hub. Pa hub chithunzi chimakhala chotukuka, monga momwe chidzaonekere pa ndalama. Hub imakanikizidwa mwamphamvu pa chitsulo china chofewetsedwa ndi moto, n'kusiyamo chithunzi cholowa m'kati ndi chotembenuka, ngati dzina la pansi pa chikombole cha njerwa. Chitsulo chachiwirichi chikalimbitsidwa ndiye chidindo, chimene pa Chingerezi amati die. Hub imodzi imabala zidindo zambiri, ndipo chidindo chimodzi chimadinda ndalama masauzande ambiri chisanathe.

Kwinaku makina amaboola chitsulo chopyapyala chachitali n'kutulutsa tizitsulo tozungulira topanda chilembo. Timeneti timafinyidwa m'mbali kuti tikhale ndi mkombero. Ngati ndalamayo ndi yokutidwa, tizitsuloti timathiridwa m'migolo yozungulira yomizidwa m'madzi a mankhwala, ndipo magetsi amamatapo mkuwa, nikelo kapena bulasi. Chokutacho m'nkhani ino tikuchitcha khungu. Pomaliza kachitsulo kamagwera pakati pa zidindo ziwiri, chapamwamba ndi chapansi, mphete yachitsulo itakagwira m'mbali, n'kumenyedwa kamodzi.

Apa gwirani ziwiri. Khungu limaikidwa ndalama isanadindidwe. Komanso chilema chimene chili pa chidindo chimatuluka chimodzimodzi pa ndalama iliyonse imene chidindocho chadinda.

Ndi ndalama ziti za kuno zimene zili ndi khungu?

Zambiri. 1t ndi 2t zoyamba za 1971, chaka chimene kwacha inalowa m'malo mwa paundi, zinali za buronzi kunja ndi m'kati momwe. Kuyambira pakati pa zaka za m'ma 1980 zinakhala za chitsulo wamba chokutidwa ndi mkuwa, ngakhale poziona zili ngati zakale zija. K1 ya nkhwazi ya 1996 ndi 50t ya mbidzi ya chaka chomwecho ndi chitsulo chokutidwa ndi bulasi.

Ndalama za ku Mozambique zimene zinatuluka mu 2006, zomwe zimalowa kudzera pa Marka ndi pamadoko a Shire, nazonso ndi zokutidwa: masentavo ang'onoang'ono ndi mkuwa kapena bulasi, 1, 2 ndi 5 meticais ndi nikelo, m'kati muli chitsulo. Zobwera ndi abale a ku Joni zili pawiri. Masenti a kuyambira 1990 ndi chitsulo chokutidwa ndi mkuwa kapena buronzi, pamene R1 ndi R2 zosulidwa 2023 isanafike ndi mkuwa wokutidwa ndi nikelo, n'chifukwa chake zikaperepeseka zimaonetsa kufiira pansi pa kuyera. Ku Britain 1p ndi 2p zinasanduka chitsulo chokutidwa ndi mkuwa mu 1992. Senti ya ku America, imene mavidiyo ambiri amakamba, kuyambira 1982 ndi zinki yokutidwa ndi mkuwa.

Ndifunika zipangizo zanji?

Zinayi zokha. Choyamba ndi galasi lokuza ka 10, la mtundu umene okonza mawotchi amagwiritsa ntchito. Okonza mafoni ambiri pamisika ikuluikulu ali ndi galasi kapena maikulosikopu yaing'ono, ndipo kupempha kuyang'anirapo mphindi ziwiri sikuvuta. Musapitirire ka 20 pofufuza koyamba, chifukwa mukakuza kwambiri ndalama iliyonse imaoneka ngati ili ndi chilema.

Chachiwiri ndi nyale imodzi, tochi kapena foni, younikira chammbali osati pamwamba. Chachitatu ndi maginito. A m'sipika ya wailesi yakufa ndi okwanira. Chachinayi ndi sikelo yaing'ono yowerenga mpaka 0.01 ya galamu. Sikelo ya pagolosale kapena yoyezera thonje sithandiza pano.

Choposa zonsezi ndi ndalama ina yabwinobwino ya mtengo womwewo ndi chaka chomwecho, yoti muziika pambali n'kumafanizira. Mafunso ambiri amatha pomwepo.

Maginito amandiuza chiyani?

Amakuuzani za chitsulo cha m'kati. Chitsulo wamba chimamatirira mwamphamvu. Mkuwa wokutidwa ndi nikelo umangokokeka pang'ono. Buronzi, bulasi, zinki ndi mkuwa wosakaniza ndi nikelo wa ndalama zoyera zakale sizikokeka. Koma kumatirira sikutsimikiza kuti pali khungu, pakuti ndalama zina ndi za chitsulo chosachita dzimbiri chopanda chokutira chilichonse, ndipo nazonso zimagwira maginito. Ikani kapepala pakati kuti maginito asakande ndalama.

Zilembo zikuoneka pawiri. Kodi imeneyi ndiye doubled die?

Kawirikawiri ayi. Zinthu zisanu zimachititsa zilembo kuoneka pawiri, ndipo doubled die ndi chimodzi chokha, chosowa kuposa zambiri mwa zinzake. Zina zinayi zili ndi mafunso akeake pansipa: kutsetsereka kwa makina, chidindo chotha, khungu long'ambika ndi kumenyedwa kawiri.

Dzina la Chingerezilo limatanthauza chidindo chowirikiza, ndiye likunena chidindo. Kale hub sinkatha kulowetsa chithunzi chonse ulendo umodzi. Ankakanikiza, n'kuchotsa chidindo kukachifewetsanso pamoto, n'kukanikizanso, nthawi zina kangapo. Hub ikabwerera itapotoka kapena itasuntha pang'ono, zithunzi ziwiri zinkatsala m'chidindo mpaka kalekale, ndipo ndalama iliyonse yochokera m'chidindocho inkatuluka nazo. Ndalamayo yamenyedwa kamodzi kokha, ndipo kuwirikizako inakupeza kale m'chidindo.

Pansi pa galasi yang'anani izi. Zithunzi zonse ziwiri zimakhala zotukuka, za msana wozungulira, ndipo kutalika kwake kuli pafupifupi kofanana. Pakati pawo pamadutsa kangalande kowasiyanitsa. Chilembo chimanenepa kuposa cha pa ndalama yofanizira ija, chifukwa chithunzi chachiwiri chawonjezera pa choyamba. Chizindikiro chodalirika koposa chili kunsonga ndi m'makona a zilembo: timichira ta M, L kapena W mu MALAWI ndi mapazi a 1 ndi 2 timagawanika pawiri ngati mphanda, kapena pakona pamakhala kamphako kooneka ngati V. Kusunthako kumatsata dongosolo: ngati hub inapotoka, zilembo zonse zimasunthira mbali imodzi mozungulira, ndipo kusiyana kumakula mukamayandikira mkombero. Pomaliza, popeza chidindo cha kumaso ndi cha kumbuyo zimapangidwa padera, doubled die imapezeka mbali imodzi. Mukaona mbali zonse ziwiri zili pawiri, kayikirani.

Chitsanzo chodziwika padziko lonse ndi senti ya ku America ya 1955, imene chaka ndi mawu akuti LIBERTY zimaoneka pawiri popanda galasi. Akatswiri amayerekeza kuti zinatuluka pakati pa 20,000 ndi 24,000, zonse za chidindo chimodzi, zonse zofanana. Zina zotchuka ndi za 1969 ya San Francisco, 1972, 1983 ndi 1995.

Nanga kakhonde kosalala kali m'mbali mwa zilembo n'chiyani?

Kameneka ndi kamene kamanamiza anthu ambiri. Pa Chingerezi amati machine doubling. Chidindo chikakhala cholobodoka m'makina, chimati chikamenya n'kudumpha kapena kutsetsereka pang'ono pokwera, ndiye chimapsinja kapena kumeta mbali ya chilembo chimene changotuluka kumene. Chotsala ndi kamalo kafulati, kotsika, kokhala ngati khonde pambali pa khoma la nyumba.

Kusiyana kwake ndi doubled die n'koonekeratu mukadziwa poyang'ana. Khonde ndi lafulati ndipo nthawi zambiri limanyezimira ngati pamene padutsa mpeni. Lili pansi, silifika pa msinkhu wa chilembo. Nsonga za zilembo sizigawanika. Ndipo chofunika kwambiri, khonde ladya mbali ya chilembo: mukaphatikiza khonde ndi gawo lotukuka lotsala, mupeza kunenepa kwa chilembo wamba, pamene gawo lotukukalo palokha ndi lowonda. Ikani ndalama yofanizira pambali muone nokha.

Tembenuzani ndalama pang'onopang'ono pansi pa nyale. Khonde limawala lonse nthawi imodzi kenako n'kuzimiririka, monga limachitira lata padzuwa. Chithunzi chachiwiri cha doubled die chimakhala ndi mthunzi wakewake mbali iliyonse imene mwatembenuzira.

Pa ndalama za ku America za chaka cha 1989 kubwerera m'mbuyo pali umboni wina. Kachilembo ka fakitale, D kapena S, kankakhomedwa pamanja pa chidindo hub itatha kale ntchito yake. Choncho ngati kachilemboko kali pawiri mofanana ndi chaka, ndi makina. Pa 1969 yeniyeni ija, S sali pawiri.

Khonde linabadwira m'fakitale ndithu, koma limachitika kwambiri moti osonkhanitsa salilipira.

Zilembo zili ndi mthunzi wosalongosoka, ngati zikusungunuka. Chachitika n'chiyani?

Chidindo chinatha. Pa kumenya kulikonse chitsulo cha ndalama chimayenderera kuchoka pakati kupita kumkombero, ndipo chimakokolola m'mphepete mwa zilembo za m'chidindo monga Shire amadyera gombe. Pakapita nthawi chilembo chilichonse chimakhala ndi kamzukwa pambali, kawirikawiri mbali yoyang'ana kumkombero, nthawi zina mbali zonse. Mzukwawo ulibe malire akuthwa, ndi wotupa mosalongosoka, ndipo malo osalala a ndalama amakhala ndi timizere tochoka pakati ngati masipoko kapena amakhakhala ngati khungu la lalanje.

Ndalama za masiku ano zimachita izi kwambiri chifukwa chitsulo ndi nikelo n'zolimba, zimatha zidindo msanga kuposa buronzi wakale. Ngakhale ku America zilipo senti za 1955 zimene 5 womaliza ali ndi mthunzi wa chidindo chotha. Amazitcha doubled die ya amphawi, ndipo mtengo wake ndi wochepa kwambiri. Ndalama zofanana za chidindo chotha zimatha kupezeka zingapo, choncho pano kupeza inzake sikokwanira. Onani kaye mphanda ndi kangalande zimene tafotokoza pa funso la doubled die.

Pambali pa zilembo pali kamzere ka mtundu wina, kotuwa. Ndi kuwirikiza?

Ndi khungu long'ambika. Pomenya, chitsulo cha m'kati chimatambasuka kwambiri pamene chilembo chikutukuka, ndipo khungu lopyapyala limalephera kutsatira, n'kung'ambika m'mphepete mwa chilembocho. Chitsulo cha m'kati chimasuzumira pamng'alupo motsata maonekedwe a chilembo, ndiye diso limaona ngati chilembo chachiwiri.

Mtundu ndiwo umaulula. Pa doubled die zithunzi zonse ziwiri zili ndi khungu limodzi, mtundu umodzi. Apa kamzereko ndi kotuwa pa ndalama yofiira kapena yachikasu, sikotukuka, ndipo kamakonda mbali yoyang'ana kumkombero. Mtengo sikawonjezera, ndipo ndi khomo lolowera chinyezi. Ndalama yotere kuno sichedwa kutuluka dzimbiri motsata zilembo.

Kodi ndalama yomenyedwa kawiri ndi yomweyo ndi doubled die?

Ayi. Iyi ndi ndalama imene inalephera kutuluka m'makina n'kulandira nkhonya yachiwiri. Ikakhala itatembenuka, chithunzi choyamba chimapsinjika n'kutsala ngati chipsera pansi pa chachiwiri, mbali zonse ziwiri. Ikakhala itatuluka theka, imapindika maonekedwe, sikhalanso yozungulira, ndipo chithunzi chachiwiri chimakhala pambali. Imeneyi ndi yolakwika yeniyeni, iliyonse ili payokha, ndipo yooneka bwino imagulidwa.

Chenjerani ndi yopangira kunyumba. Munthu amasanjikiza ndalama ziwiri n'kuzimenya ndi hamala kapena kuzifinya pa vaisi ya kugalaja. Zilembo zowonjezerazo zimatuluka zolowa m'kati ndiponso zotembenuka, zowerengeka ngati pagalasi loyang'anira, ndipo mbali inayo imakhala yophwanyika. 

Bwanji pa ndalama zatsopano sitiona kuwirikiza kwakukulu ngati kwa 1955?

Kapangidwe ka zidindo kanasintha. Mafakitale ambiri tsopano amakanikiza hub ulendo umodzi wokha. Ku America anayamba zimenezi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Doubled die sinatheretu, pakuti hub imatha kuyamba itapendekeka n'kudzakhazikika kukanikiza kuli m'kati. Koma kuwirikiza kotere kumakhala kochepa ndipo kumapezeka chapakati pa chithunzi, pamene hub inayambira kugunda. Pa ndalama zathu za 2012 kupita mtsogolo, yang'anani pakati pa chizindikiro cha boma ndi pa thupi la nyama kapena mbalame. Zooneka pawiri pa zilembo za kumkombero kawirikawiri zimakhala khonde kapena chidindo chotha.

Ndalama yanga ili ndi matuza. Ndi chilema cha kufakitale?

Zotupa pa ndalama zili mitundu inayi, ndipo kuno kwathu zonse zimapezeka.

Thuza lenileni la khungu limayamba kachitsulo kakapanda kutsukidwa bwino kasanakutidwe. Mafuta kapena litsiro zimatsekeredwa pansi pa khungu, ndipo kutentha kwa pomenya kumatukumula mpweya n'kulikweza. Limakhala losalala, la mtundu wofanana ndi ndalama yonse, lopanda kanthu m'kati. Nthawi zina matuza amandandalika m'mizere yoyenda mbali imodzi. Ndi a kufakitale, koma pa senti za zinki za m'ma 1980 ndi ochuluka zedi ndipo alibe mtengo, kupatula akuluakulu osaphulika.

Chotupa cha dzimbiri chimayamba madzi akalowa pakabala n'kudya chitsulo cha m'kati. Dzimbiri limatenga malo aakulu kuposa chitsulo chimene ladya, ndiye limakankha khungu. Pamwamba pake pamakhala pong'aluka kapena pothimbirira, ndipo pamatuluka ufa wofiirira ngati m'kati ndi chitsulo, woyera ngati ndi zinki. Chotupa cha moto n'chachikulu, ndalama yonse imakhala yakuda kapena yamawangamawanga. Zotoledwa padzala, paphulusa kapena m'munda wa nzimbe wootchedwa zimakhala zotere. Dzuwa lathu la Okutobala, ngakhale lipitirire madigiri 40, silitukumula khungu la ndalama.

Chachinayi ndi chitsulo cholimba chotukuka pamene chidindo chinabenthuka kapena kung'aluka. Chimakonda m'mabowo a zilembo ndi manambala monga A, 6, 8 ndi 9, kapena chimayenda ngati mtsempha kuchokera kumkombero. Ichi chimabwerezeka pa ndalama zina za chidindo chomwecho, pamene thuza lililonse lili pamalo akeake.

Ena amayesa podinikiza ndi kamtengo kotokosera m'mano: thuza limabonyoka, chitsulo cholimba ayi. Njirayi imayankha ndithu, koma thuza lobonyoka silibwereranso. Yambani ndi galasi.

Ndalama yoyenera kukhala yofiira kapena yachikasu ndi yotuwa. Kodi inatuluka yopanda khungu?

Zimachitika kuti kachitsulo kamadumpha mgolo wokutira n'kukadindidwa kali maliseche, ndipo yotere ndi yolakwika yofunidwa. Koma mwa zonse zimene takamba, apa ndi pamene chigwa chathu chimanamiza kwambiri. Madera ambiri a Chikwawa ndi Nsanje ali ndi dothi ndi madzi a mchere, umboni wake ndi mijigo imene madzi ake samweka. Madzi osefukira a 2015, a Idai mu 2019, a Ana mu 2022 ndi a Freddy mu 2023 anakwirira zitini za ndalama m'matope, ndipo zina zikufukulidwa mpaka lero polima ndi poumba njerwa. Mchere, feteleza, thukuta ndi asidi wa batire zimasintha mtundu wa khungu kapena kulidya.

Yopanda khungu yeniyeni inamenyedwa ndi chidindo pa chitsulo cha m'kati mwachindunji, choncho nkhope yake ndi yosalala, zilembo zakuthwa, ndipo ili ndi kunyezimira kwa ndalama yatsopano: mukaipendeketsa pansi pa nyale, kuwala kumazungulira ngati masipoko a njinga ikuyenda. Palibe kadontho ka mkuwa paliponse, ngakhale m'makona a zilembo kapena m'mbali.

Yodyedwa ndi mankhwala kapena dothi ndi yakufa maonekedwe, yokhakhala, ya timaenje, zilembo zake zowonda, ndipo mukafufuza ndi galasi mupeza timatsalira ta khungu m'malo obisika. Yoperepeseka ndi manja imayamba kutuwa pamalo okwera, monga pa tsaya la chithunzi, paphiko la nkhwazi ndi pamkombero, pamene m'maenje mtundu udakalipo.

Palinso yokutidwa theka. Pa yeniyeni, mtundu umazilala pang'onopang'ono kuchoka pofiira kufika potuwa, popanda sitepe, ndipo kunyezimira kuja kumadutsa malire osaduka. Ngati malirewo ali ndi m'mphepete mosongoka ngati utoto wosupuka pakhoma, khungu linachoka ndalama itadindidwa kale.

Ganiziraninso izi: chitsulo wamba chopanda khungu sichingayende m'matumba a thukuta kuno miyezi ingapo osachita dzimbiri. Ndalama yogwira maginito, yoyera mbee, yooneka kuti yayenda koma yopanda dzimbiri, mwachidziwikire inakutidwanso ndi munthu. Onani funso lotsatira.

Nanga yooneka ngati siliva kapena golide?

Kukuta ndalama n'kosavuta. M'makalasi a sayansi m'mayiko ambiri ophunzira amawiritsa ndalama yamkuwa m'mankhwala okhala ndi zinki, imayera ngati siliva, akaiwambanso pamoto imasanduka yachikasu chifukwa zinki ndi mkuwa zapanga bulasi. Opanga ndolo ndi zokolowekera makiyi nawonso amakuta ndalama.

Khungu loikidwa pambuyo limakwirira chilichonse, ndipo pamenepo ndi pogwirira. Fufuzani kabala kapena kukandika: ngati m'kati mwa balalo muli mtundu watsopanowo, balalo linayamba, khungu linatsatira. Kuwala kwake n'kwa galasi kapena kwa mafuta, kopanda masipoko aja, ndipo zilembo zimaoneka zokutika m'makona.

Chinyengo chakale cha mtundu umenewu ndi senti ya ku America ya 1943. Chaka chimenecho anasula za chitsulo chokutidwa ndi zinki chifukwa mkuwa unkapita kunkhondo, ndipo zochepa kwambiri zinadindidwa molakwika pa buronzi. Akathyali akhala akukuta zachitsulo ndi mkuwa kuyambira kale. Maginito amathetsa mlandu: yabodza imamatirira ndipo imalemera magalamu 2.7, yeniyeni simatirira ndipo imalemera 3.11.

Kodi sikelo singatsimikize kuti khungu palibe?

Payokha ayi. Khungu la ndalama zambiri zachitsulo ndi lokhuthala pafupifupi ma micron 25, pamene tsitsi la munthu lili pakati pa 50 ndi 100. Tengani senti ya ku America: imalemera magalamu 2.5, ndipo mkuwa ndi magawo 2.5 pa 100 alionse, kutanthauza pafupifupi 0.06 ya galamu. Fakitale imalola senti yabwinobwino kusiyana ndi 0.1 ya galamu kumwamba kapena pansi. Choncho yopanda khungu ikhoza kulemera mofanana ndi yabwino yopepukirapo.

Ntchito ya sikelo ndi kuchotsa zokayikitsa. Yezani ndalama khumi zabwino za chaka chomwecho, mulembe yopepuka koposa ndi yolemera koposa. Ngati yanu "yopanda khungu" ikulemera kuposa zonse, inakutidwanso. Ngati yapepuka kwambiri ndipo yachepa m'mimba mwake, asidi anaidya. Ngati kusiyana n'kwakukulu koma nkhope ndi yosalala, yonyezimira, zilembo za kumkombero zoduka kapena zofooka, mwina inadindidwa pa kachitsulo ka ndalama ina. Zimenezi zimatheka pakuti fakitale imodzi imasulira mayiko ambiri, ndipo yotere ndi yoyenera kuisunga bwino.

K5 ndi K10 zazikulu za mitundu iwiri zija, nazo ndi khungu?

Kusiyana kwa mitunduko n'kwa zitsulo ziwiri, mphete ndi mtima, zimene zimalumana pa nthawi yomenya. Zili choncho K5 ndi K10 za chaka cha 2006, 10 meticais, ndi R5 kuyambira 2004. Mtima ukakhala pambali kuchokera kufakitale, chithunzi chimadutsa pamalumikiziro osaduka, chifukwa chidindo chinamenya zonse pamodzi. Ngati mizere ya chithunzi ikuphonyana pamalumikiziro, kapena mtima watembenuka, wina anaugulula n'kuubwezera, ndipo zipsera za chokhomera mudzazipeza.

Nditsuke kuti zioneke bwino?

Musatsuke, chonde. Phulusa, mchenga, sitiliwulu, Brasso, mandimu, bwemba, malambe ndi Coca-Cola zonse zimachotsa umboni umene tafotokoza pamwambapa: kunyezimira kwa kufakitale, mtundu wa khungu ndi mphanda za kunsonga kwa zilembo. Ndalama yolakwika yeniyeni ikakwechedwa imataya gawo lalikulu la mtengo wake, ndipo yopanda khungu yokwechedwa palibenso angaisiyanitse ndi yodyedwa ndi asidi.

Ngati ili ndi matope, iviikeni m'madzi oyeretsedwa aja othira m'batire, osati asidi wake, osatinso madzi a pamjigo a mchere. Musapikite. Iumitseni poigunditsa pa nsalu yofewa n'kuisiya pamphepo. Mafuta ndi zomata zimachoka ndi mankhwala otchedwa asetoni, osasakaniza ndi china, pamalo opita mphepo, kutali ndi moto.

Gwirani m'mbali mokha. Iliyonse ikhale m'kaenvelopu kakekake ka pepala louma, mutalemba chaka, kulemera ndi chimene mwaona. Pewani mapulasitiki ofewa onunkha, amene potentha amatulutsa utomoni wobiriwira pa mkuwa. Ikani m'botolo lotseka bwino pamodzi ndi timapaketi toyamwa chinyezi topezeka m'mabokosi a nsapato, ndipo botololo likhale pamwamba, poti madzi akalowa m'nyumba asalifike.

Pa chithunzi cha foni zikuoneka pawiri, koma pa galasi ayi. Ndikhulupirire chiti?

Galasi. Nyale ziwiri zimapatsa chilembo mithunzi iwiri, dzanja likanjenjemera chithunzi chimawirikiza, ndipo foni ikakokera pafupi imajambulira yokha timizere m'mbali mwa zilembo. Ikani ndalama pa nsalu yakuda, foni itsamire pa mabuku, nyale ikhale imodzi chammbali. Jambulani mbali zonse ziwiri, m'mbali, ndi malo okayikitsawo kanayi, mukutembenuza ndalama ulendo uliwonse. Kuwirikiza kwenikweni kumatembenuka pamodzi ndi ndalama. Kwa mthunzi kumatsala mbali ya nyale.

Ndikapeza yeniyeni, ndigulitsa zingati ndipo kwa yani?

Mtengo umachokera kwa ogula. Senti ya 1955 ija imapitirira madola 1,000 ngakhale itayendapo chifukwa osonkhanitsa ndalama za ku America ndi ochuluka ndipo onse akuifuna. Osonkhanitsa ndalama za Malawi ndi Mozambique ndi ochepa, choncho chilema chofanana pa K1 sichingayandikire mtengo umenewo. Zimene zimapeza wogula ndi zooneka ndi maso popanda galasi: yomenyedwa kawiri, yodindidwa pambali kwambiri, yopanda khungu yonyezimira, ya pa kachitsulo ka ndalama ina, ndi doubled die yamphamvu. Pa doubled die, funafunani inzake ya chaka chomwecho. Ziwiri zofanana ndendende mpaka pa timikwingwirima ta chidindo ndi umboni umene wogula wodziwa amaulemekeza.

Makampani monga PCGS ndi NGC amayeza ndalama n'kuitsekera m'chikuto chokhala ndi chiphaso, koma malipiro awo pamodzi ndi kutumiza nthawi zambiri amaposa mtengo wa ndalamayo. Yambani ndi kuonetsa zithunzi zabwino kwa osonkhanitsa angapo osadziwana, ndipo poona mitengo pa intaneti yang'anani imene zinagulidwadi, pakuti aliyense angathe kulemba mtengo umene wafuna.

Wogula weniweni sakuuzani kuti muyambe mwatumiza ndalama ya "kulembetsa", ya "mankhwala oyezera" kapena ya mayendedwe ake. Nkhani zakuti khobidi lobowola la nthawi ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland limakoka mpunga kapena lili ndi mankhwala obisika ndi nyambo ya akuba. Khobidilo ndi buronzi wamba, ndipo anasula ambirimbiri. Mukakumana ndi wogula, pakhale poyera, masana, muli ndi mnzanu, ndipo ndalama yanu isachoke m'manja mwanu kupita "kukayezedwa" malipiro asanafike.